Kodi kompyuta imaona chani mkati mwa reactor yomwe munthu sangasuzumiremo?

Funso ili latumizidwa ndi mnyamata wa ku Ulongwe yemwe ali pa sukulu mu mzinda wa Tete. Walemba kuti: "Ndikuphunzira zoyenga miyala ya mmigodi, chaka chachitatu. Aphunzitsi anatiuza mongodutsa kuti ma reactor a CVD ndi ng'anjo zokulitsira krustalo wa silikoni masiku ano amayamba azimanga kaye pa kompyuta asanagule chitsulo olo chimodzi. Ndinaona zithunzi zake, zofiira zobiriwira zokongola, koma sindinamve kuti kompyutayo imawerengera chani kwenikweni komanso ngati nzodalirika. Nanga ine ndi laputopu yanga yakaleyi ndingayambe, kapena nkungotaya nthawi poti kuno kulibe fakitale yake?"

Achimwene, zikomo pofunsa, ndipo zomwe ananena aphunzitsi anuwo nzoona. Kuyamba mungayambe ndithu, laputopu yomweyo ikwana pa zonse zoyambira. Koma za zithunzi zija ndikuuzirenitu, chifukwa ndi pomwe achinyamata ambiri amakodwa: kompyuta imajambula zokongola chimodzimodzi kaya manambala omwe mwaipatsa ndi olondola kaya ndi olakwika. Modelo, masamu oyerekezera chinthu chenicheni omwe mumapatsa kompyuta, imayamba kukhala ya phindu tsiku lomwe yatchula nambala yoti munthu angakaiyeze ndi chipangizo nkubwera kudzanena kuti yalasa kapena yaphonya.

CVD, chidule cha chemical vapour deposition, payokha si chinthu chovuta kumva. Mumatenga gasi yemwe mkati mwake muli maatomu omwe mukuwafuna, mumamudutsitsa pamwamba pa chinthu chotentha, gasi uja amasweka ndi kutenthako, maatomu aja nkukhazikika pamenepo kupanga kachikopa kopyapyala, zotsala nkutuluka pa paipi, ndipo chipinda chomwe zimenezi zimachitikiramo nde reactor. Silane, SiH4, akasweka amasiya silikoni, hydrogen nkumapita. Silikoni woyera yemwe amapangira ma sola ndi ma chip, wambiri amachokera mu njira ya Siemens, momwe trichlorosilane ndi hydrogen amazungulira timitengo ta silikoni totenthedwa ndi magetsi mpaka madigiri pafupifupi 1100, timitengo tija nkumanenepa kwa masiku angapo. Babu la LED lomwe mumagula pa msika wa Kwachena, kamtima kake ndi gallium nitride yemwe anakulitsidwa ndi trimethylgallium ndi ammonia pa madigiri opitirira pang'ono 1000. Olo daimondi amampanga chonchi, methane pang'ono mu hydrogen wambiri.

Vuto lili pa kufanana. Inu mukudziwa uvuni wa njerwa, njerwa za pafupi ndi moto zimapsa mpaka kuda nkupindika, za mmbali zimatuluka zosapsa, ndipo woumba wodziwa ntchito amadziwa poika nkhuni ndi pomata dothi kuti moto uyende monse. Mu reactor nkhondo yake ndi yomweyo, kungoti kasitomala amafuna kuti kachikopa ka pakati pa wafer, kambale kopyapyala komwe kachikopako kamakulirapo, ndi ka mmphepete kasiyane ndi 1 kapena 2 pa 100 basi, mwinanso kuchepera apo, pa wafer yotambalala mamilimita 300. Ndipo simungatsegule kuti muone. Kuikamo chida choyezera nkuipitsa zomwe mukupangazo. Pa silicon carbide nde zinanyanya, njira yomwe Tairov ndi Tsvetkov anatulukira ku Leningrad mu 1978 imafuna chikho cha graphite chotsekeratu, chotentha kupitirira madigiri 2000, chomwe mumangoona ndi kutentha kwa pa chivindikiro ndi kwa pansi kudzera pa pyrometer, chida choyeza kutentha chili patali poona kuwala, krustalo mumakamuona pakatha masiku. Ngati watuluka woipa mwataya masikuwo, magetsi, ndi zipangizo zodula. Nchifukwa chake anthu anati tiyeni tiziwerengera zomwe sitingazione.

Tsono kompyuta imachita chani? Imatenga malo a mkati mwa reactor nkuwadula timabokosi tambirimbiri, ndiye mesh imeneyo, ndipo pa kabokosi kalikonse imasunga kaundula: gasi walowa wochuluka bwanji ndipo watuluka wochuluka bwanji, chikumukankha nchani, kutentha kwalowa kungati kwatuluka kungati, mtundu uliwonse wa gasi wabwera bwanji, wasweka wochuluka bwanji, wamatirira pa khoma wochuluka bwanji. Palibe chotayika, chilichonse chiyenera kupezeka kwinakwake. Ma equation a Navier-Stokes omwe mwina anakuopsezani nawo mkalasi ndi kaundula yemweyu wa kayendedwe ka gasi. Kabokosi kalikonse kamadalira anzake oyandikana nako nde kompyuta imabwereza kuwerengera kambirimbiri mpaka mabokosi onse agwirizane. Palibe zamatsenga, ndi ma balance omwe mumachita kale pa plant yotsukira malasha, kungoti mabokosi ndi ochuluka.

Musanatsegule pulogalamu iliyonse, funso loyamba ndi ili: chikuchedwetsa kukula kwa kachikopa nchani? Pali zinthu ziwiri zotsatizana. Gasi ayenera kufika pa wafer kudutsa kagawo ka gasi woyenda pang'onopang'ono komwe kamakhala pamwamba pake, boundary layer, kenako akafika ayenera kusweka. Andrew Grove, yemwe pambuyo pake anadzatsogolera Intel, analemba modelo yachidule ya zimenezi mzaka za mma 1960 ndipo mpaka pano ndi poyambira pa aliyense. Kutentha kukakhala kochepa, kusweka ndi komwe kumachedwa, gasi amafika wambiri nkumadikira. Apa chomwe chimalamula ndi kutentha, ndipo chimalamula mwankhanza. Tengani polysilicon wochokera ku silane pa madigiri pafupifupi 620, activation energy yake ili cha mma 1.6 eV, ikani mu equation ya Arrhenius, yomwe imanena mmene kutentha kumafulumizitsira kusweka, pa calculator yanu muona kuti madigiri 10 okha amasintha liwiro la kukula ndi pafupifupi kotala. Kutanthauza kuti ngati modelo yanu yaphonya kutentha ndi madigiri 10, zonse zomwe yanena za kukhuthala kwa kachikopa nzosadalirika, olo chithunzi cha kayendedwe ka gasi chikongole bwanji. Kutentha kukakwera kwambiri, monga pa epitaxy ya silikoni ya madigiri 1100, pomwe kachikopa kamakula motsatira krustalo wa pansi pake, zimatembenuka, chilichonse chofika pa wafer chimasweka pompo, nde chomwe chimalamula ndi mmene gasi akufikira. Apa kuphonya madigiri 10 sikupweteka kwenikweni pa kukhuthala, koma kuphonya kayendedwe ka gasi ndi komwe kumakupweteka. Reactor imodzi mumasamala hita, inayo mumasamala polowera gasi ndi maonekedwe a chipinda, ndipo munthu amene sanadziwe kuti ali mbali iti amathera mphamvu zake pa zinthu zosafunika.

Apa mpomwe ma reactor a pulesha yotsika, LPCVD, amamvekera. Diffusion, kufalikira kwa gasi payekha, imakula pulesha ikamatsika, mukatsitsa pulesha ka 1000 diffusion imakwera pafupifupi ka 1000, nde gasi amatha kulowa mtimipata tating'ono mosavuta. Nchifukwa chake mu chubu chimodzi amaimika ma wafer opitirira 100 moyandikana, onse nkupeza gasi, ntchito nkutsala yosamala kutentha basi.

Chinthu chachiwiri ndi kutha kwa gasi mnjira, ndipo ichi mungachiwerengere lero lomwe pa Excel. Tiyerekeze ma wafer asanu andandalikidwa mu reactor yogona, gasi akulowa kumanzere kutuluka kumanja, ndipo wafer iliyonse ikudya 10 pa 100 ya silane yemwe waifika. Yoyamba ikuona 100, yachiwiri 90, yachitatu 81, yachinayi 73, yomaliza 66. Yomalizayo ituluka yopyapyala ndi gawo limodzi mwa atatu, kasitomala sangalandire. Mungatani? Mungaonjezere liwiro la gasi kuti wafer iliyonse izidya kochepa, koma mukutaya gasi wodula. Mu chubu cha LPCVD akale ankangotenthetsako pang'ono mbali yotulukira kuti Arrhenius uja abweze zomwe zatayika. Mu reactor yogona ya epitaxy anapeza njira ina yomwe ine imandisangalatsa mpaka lero, kupendeketsa susceptor, mbale ya graphite yomwe ma wafer amagonapo, ndi madigiri ochepa chabe, pafupifupi atatu, kuti mpata uzichepa kumapeto, gasi azithamanga kwambiri kumeneko, boundary layer ipyapyale, gasi wochepa uja azifika msanga. Imeneyo ndi modelo kale achimwene, mizere isanu ya Excel, ndipo yakuuzani chinthu choona chomwe mungapange nacho chisankho.

Chomwe Excel singakuuzeni ndi chomwe gasi wotentha amachita. Susceptor ili pansi pa madigiri 1000, denga la quartz lili lozizirirapo, gasi wa pansi amapepuka nkufuna kukwera, wa pamwamba nkufuna kutsika, ndipo zikafika poipa gasi amayamba kupiringizika ngati zingwe ziwiri zopota motsatira utali wa reactor. Pomwe gasi akutsikira kachikopa kamakhuthala, pomwe akukwerera kamapyapyala, wafer nkutuluka ndi mizere. Harry Moffat ndi Klavs Jensen anaonetsa zimenezi pa kompyuta mu 3D mma 1980, nthawi yomweyo Michael Coltrin, Robert Kee ndi James Miller ku labu ya Sandia ku America anali kulumikiza kayendedwe ka gasi ndi chemistry yeniyeni ya silane. Phunziro lake limakwana mu nambala imodzi, ya Rayleigh, yomwe imakula ndi kutalika kwa chipinda kuchulukitsa katatu: mukakweza denga kawiri, chilakolako cha gasi chopiringizika chimakula ka 8. Imadaliranso pulesha kuchulukitsa kawiri, kutsitsa pulesha ka 10 kumachichepetsa ka 100. Hydrogen amakhala wodekha kuposa nitrogen. Nde mukaona reactor ya denga lotsika, ya pulesha yochepetsedwa, yoyendera hydrogen, dziwani kuti si mwangozi. Shuji Nakamura ku kampani ya Nichia ku Japan cha mma 1990 anathana ndi vuto lofanana ndi limeneli pa gallium nitride poika gasi wachiwiri wochokera pamwamba kuti azikanikizira gasi woyamba uja pa wafer, ndipo kuchokera apo LED ya buluu yowala inatheka, mu 2014 analandira Nobel pamodzi ndi Isamu Akasaki ndi Hiroshi Amano. Makampani opanga makina amenewa lero, monga Aixtron ku Germany ndi Veeco ku America, ena amazunguza ma wafer, ena amathira gasi kuchokera pa timabowo tambiri pamwamba, zonsezo ndi mayankho a mafunso awiri omwewa, kutha kwa gasi ndi kupiringizika kwake.

Pali nkhani ina yomwe ndimafuna wophunzira aliyense aimve. Mu 1970 Eversteyn ndi anzake ku Philips anathira utsi wa titanium dioxide mu reactor kuti aone mmene gasi akuyendera, anaona kagawo koyera kopanda utsi pamwamba pa susceptor, nkunena kuti pamenepo gasi wangoima. Modelo yawo inathandiza anthu zaka zambiri ndipo nkhani yopendeketsa susceptor ija inalimba chifukwa cha iwo. Koma pambuyo pake kunadziwika kuti gasi sanaime ayi, ndi tinthu ta utsi tomwe timakankhidwa kuchoka pa malo otentha, thermophoresis. Nde musaganize kuti ndikunena kuti kuyeza nkoona nthawi zonse pomwe kompyuta njabodza, maso nawonso amanamizika. Ziwirizi zimafunika zizikonzana.

Tsopano krustalo. Njira ya Jan Czochralski, wa ku Poland, ndi ya 1916, ndipo Gordon Teal ndi anzake ku Bell Labs anaigwiritsa ntchito pa germanium kenako silikoni kumayambiriro kwa zaka za mma 1950. Taganizani muli pa kawindo ka ng'anjo. Pansi pali mphika wa quartz utakhala mu chikho cha graphite, mozungulira muli hita ya graphite, mkatimo silikoni makilogalamu mazana wasungunuka, amasungunuka pa madigiri 1414, akuwala moti popanda galasi lakuda simungayang'ane. Argon akutsika kuchokera pamwamba. Kambewu ka krustalo kamatsitsidwa mpaka kukhudza madzi a silikoni aja, kenako amakakoka mwachangu kuti kapange khosi lopyapyala la mamilimita pafupifupi atatu, nzeru ya William Dash ya kumapeto kwa zaka za mma 1950, kuti zilema zotchedwa dislocation zitulukire mmbali zisalowe mthupi. Kenako amachepetsa liwiro, krustalo amatambasula mapewa mpaka kufika mulingo wofunika, nkuyamba kukwera pang'onopang'ono, cha mma milimita imodzi pa mphindi kapena kucheperapo, krustalo akuzungulira mbali iyi mphika mbali inayo. Pomwe krustalo akumana ndi madzi pamaoneka kamkombero kowala, kamera imayang'ana kameneko nkumauza makina kuti onjezera liwiro kapena chepetsa.

Mu ng'anjo imeneyi mfumu ndi cheza. Kutentha kochuluka kumayenda ngati kuwala kuchoka pa hita kupita pa chikho, kuchoka pa madzi kupita pa makoma, kuchoka pa krustalo kupita paliponse pomwe akuonana napo, ndipo kumakula ndi T kudzichulukitsa yokha kanayi, T ndi kutentha kwa mu ma kelvin, nde kuonjezera 1 pa 100 pa kutentha ndi kuonjezera 4 pa 100 pa cheza. Nchifukwa chake simungajambule mphika wokha nkusiya zina, muyenera kuika ng'anjo yonse, hita, zotchingira kutentha, makoma oziziritsidwa ndi madzi, ndipo kompyuta iwerengere kuti kachigawo kalikonse kakuona kachigawo kati. Amati global model. Magulu a Robert Brown ndi Jeffrey Derby ku MIT, François Dupret ku Louvain, ndi Georg Müller ku Erlangen ndi omwe anakhazikitsa ntchito imeneyi kuyambira mma 1980, ndipo mapulogalamu monga FEMAG ndi CrysMAS anachokera kumeneko, palinso CGSim yomwe mafakitale ambiri amagwiritsa ntchito.

Chomwe akufunafuna ndi maonekedwe a malire a pakati pa madzi ndi krustalo, ngati apindikira mmwamba kapena pansi, ndi mmene kutentha kukutsikira mukangolowa mu krustalo, amati G. Silikoni akamauma amatulutsa kutentha, kutenthako kuyenera kukwera mu krustalo nkutayika, ngati sikutayika msanga simungakoke msanga. Ndiye Vladimir Voronkov mu 1982 anaonetsa kuti mtundu wa zilema za mkati umadalira liwiro lokokera kugawa ndi G. Mukakoka mwachangu mumatsala timipata topanda maatomu tomwe timasonkhana kupanga timaenje, mukakoka mochedwa mumadzaza maatomu oonjezera omwe amapanga zilema zinanso zoipa, ndipo pakati pake pali kampata kochepa kwambiri komwe krustalo amatuluka pafupifupi wopanda zilema zimenezi. Kuti mukhale mu kampatako kuyambira pakati pa krustalo mpaka mmphepete, G ayenera kufanana ponseponse, ndipo zimenezi amazikonza ndi chotchingira cheza chomwe chimazungulira krustalo pamwamba pa madzi, kutalika kwake, kupendekeka kwake, mpata wake ndi madzi. Palibe thermocouple, kawaya koyezera kutentha, yomwe mungaiike pamalire amenewo nthawi ya ntchito. Apa nde modelo siili yokometsera lipoti ayi, popanda iyo mukungolota. Koma onani mmene amaitsimikizira: akamaliza amadula krustalo motsatira utali wake, amamutsuka ndi asidi, timizere ta kukula timaoneka tomwe timasonyeza mmene malire aja analili, nkuyerekeza ndi zomwe kompyuta inanena.

Palinso oxygen. Madzi a silikoni amadya mphika wa quartz pang'onopang'ono, oxygen nkulowa, wochuluka kwambiri amauluka ngati SiO nkutengedwa ndi argon, wochepa amalowa mu krustalo, ndipo kuchuluka kwake kumadalira mmene madzi akuzungulirira mumphikamo. Pa mphika waukulu madziwo amakhala osokonekera, turbulence yeniyeni, ndipo pa chigawo chimenechi ma modelo ndi ofooka kuposa pa cheza, nchifukwa chake ng'anjo zina amaziikira maginito akuluakulu kuti madzi adekhe. Izi si za kutali ndi ife: sola yakuda ya mono yomwe ili pa denga kwanu ku Angonia ma cell ake anadulidwa ku krustalo wa Czochralski, ndipo oxygen akakumana ndi boron mmenemo amatsitsako mphamvu ya sola ikangoyamba kuombedwa ndi dzuwa, nchimodzi mwa zifukwa zomwe opanga ambiri anasinthira ku gallium cha mma 2020. Pomwe ma thyristor akuluakulu a mtundu womwe umasandutsa magetsi kukhala a DC, monga zimachitikira pa Songo kuti magetsi a Cahora Bassa ayende makilomita pafupifupi 1400 mpaka ku Apollo pafupi ndi Johannesburg, amapangidwa ndi silikoni wa float zone, njira yosagwiritsa mphika nkomwe, pofuna kupewa oxygen ndi zoipitsa zina.

Mwafunsa ngati nzodalirika. Ma equation enieniwo ndi odalirika, polakwika ndi pa zomwe munthu amalowetsamo. Emissivity, nambala yonena mmene chinthu chimatulutsira cheza, ya graphite watsopano ndi ya graphite yemwe wakutidwa ndi zotsalira za maulendo ambiri sizifanana, quartz yoyera imadutsitsa cheza pomwe yoda imachigwira, zotchingira kutentha zimakalamba, ndipo manambala a chemistry omwe mumakopera mu pepala la munthu wina mwina anayezedwa pa pulesha ina ndi kutentha kwina. Mesh nayonso imanama ikakhala ya mabokosi akuluakulu pafupi ndi wafer pomwe zinthu zikusintha msanga. Nde lamulo langa ndi ili, chepetsani mabokosi ndi theka muone ngati yankho lasintha, ngati lasintha kwambiri simunafike. Onani ngati gasi wolowa akufanana ndi wotuluka kuphatikiza wotsalira. Sinthani dala nambala yomwe mukuikayikira, emissivity mwachitsanzo, kuchoka 0.7 kupita 0.9, muone yankho likuyenda mtunda wotani. Ndipo dziwani kuti modelo imalasa kwambiri pa funso loti "ndikakweza chotchingira ichi zinthu zipita mbali iti" kusiyana ndi funso loti "ndiuze nambala yeniyeni mpaka kadontho". Mainjiniya a mfakitale amaigwiritsa ntchito chonchi, mwa maganizo makumi awiri imawasankhira atatu oti akayese pa ng'anjo yeniyeni.

Poyambira inuyo. Masamu a heat transfer, fluid mechanics ndi kinetics omwe muli nawo pa sukulupo agwireni ndi manja awiri, nambala za Reynolds, Rayleigh ndi Damköhler muzitha kuziwerengera pa pepala musanayatse laputopu. Kenako Python, njaulere, lembani modelo ya ma wafer asanu ija koma muikemo Arrhenius ndi boundary layer, muisewere mpaka muone nokha pomwe ulamuliro ukuchoka pa kutentha kupita pa kayendedwe ka gasi. Cantera njaulerenso, anaiyambitsa David Goodwin wa ku Caltech yemwe ankafufuza za daimondi wa CVD, ndipo ili ndi chitsanzo cha daimondi chokonzakonza. Pa kayendedwe ka gasi pali OpenFOAM, pa kutentha, cheza ndi magetsi pali Elmer ya ku Finland, zonse zaulere. COMSOL ndi Ansys Fluent ndi zomwe mudzazipeze mmakampani, nzodula, ngakhale Ansys ili ndi ya ophunzira yaulere yokhala ndi malire pa kukula kwa mesh. Musathamangire 3D. Ng'anjo ya Czochralski ndi yozungulira, nde kuwerengera theka la chithunzi chake cha 2D kumakwana pa zambiri, ndipo laputopu yakale imatha. Kungoti kutentha kwa mu Tete mwezi wa Okutobala laputopu imatha kuzima yokha ikamawerengera nthawi yaitali, iikeni pamalo podutsa mphepo, muzisiya izigwira usiku, ndipo muiuze kuti izisunga zotsatira pafupipafupi. Mapulogalamu ndi mabuku tsitsani pomwe pali intaneti ya pa sukulu kuti ma mega anu asathere pamenepo.

Mayeso anu oyamba akhale omwe yankho lake likudziwika kale. Bokosi la mbali zinayi zofanana lodzaza mpweya, khoma lakumanzere lotentha, lakumanja lozizira, pamwamba ndi pansi posadutsa kutentha. De Vahl Davis anasindikiza mayankho ake mu 1983 ndipo dziko lonse limayesera pamenepo: Rayleigh ikakhala 1000 nambala ya Nusselt, yomwe imanena kuchuluka kwa kutentha komwe kukudutsa mu bokosimo, ndi 1.118, pa 10 000 ndi 2.243, pa 100 000 ndi 4.519. Mukapeza zina, cholakwika chili kwa inu, ndipo kufufuza cholakwikacho kudzakuphunzitsani kuposa vidiyo iliyonse ya pa YouTube. Mukadutsa apo chitani kuyeza kwanukwanu, kachitsulo kakatali, mbali imodzi mmadzi owira, thermocouple yotchipa ya pa multimeter, yezani kutentha malo angapo motsatira utali wake nkuyerekeza ndi modelo yanu. Siigwirizana ulendo woyamba, nde mudzayamba kufunsa za mphepo ya mchipinda, za mtundu wa chitsulo, za mmene thermocouple yakhudzira, ndipo mafunso amenewo ndi omwewo omwe amafunsa anthu a ng'anjo za madigiri 1414. Koma chonde musayese kupanga CVD yeniyeni pa nyumba kapena mu labu yosakonzedwera zimenezo, silane amayaka yekha akangokumana ndi mpweya, trimethylgallium chimodzimodzi, trichlorosilane akakumana ndi chinyezi amatulutsa asidi wowononga mapapo, anthu amwalirapo nazo mmafakitale enieni okhala ndi zida zonse.

Za kutaya nthawi, ine ndikukana. Nzoona kuti opanga ma wafer akuluakulu ali kutali, Shin-Etsu ndi SUMCO ku Japan, Siltronic ku Germany, GlobalWafers ku Taiwan, ndipo za ma sola zambiri zili ku China, nde ngati mtima wanu uli pa krustalo weniweniyo mudzayenera kukachita masters kunja, ndipo pofunsira malo kapena bolsa, thandizo lolipirira sukulu, munthu wobwera ndi modelo yakeyake yomwe anaiyesa pa mayankho odziwika amaoneka mosiyana ndi wongobwera ndi magiredi. Koma olo mutakhala konkuno, luso lake ndi lomwelo lomwe limafunika pa ma cyclone otsukira malasha ku Moatize, pa kayendedwe ka madzi mu ma turbine a Cahora Bassa, pa zoumitsira fodya ndi chimanga, pa mbaula zosadya makala ambiri. Pa ntchito yanu yomalizira sukulu mungasankhe chimodzi mwa zimenezi chomwe mungathe kuchifikira ndi thermocouple mmanja, muchipangire modelo, mukachiyeze, mulembe moona pomwe zagwirizana ndi pomwe zasiyana. Mukakakamira pa bokosi la de Vahl Davis lija nditumizireni chithunzi cha mesh yanu ndi nambala ya Nusselt yomwe mwapeza, kawirikawiri vuto limakhala mabokosi akuluakulu pafupi ndi makoma kapena Rayleigh yowerengeredwa ndi utali wolakwika.